Antivirus yabwino ndi imene simuizimitsa

Mwezi watha nditapita kwathu ku Nsaru, ndidapeza msuweni wanga atagwira tsaya m'kashopu kake. Iye amatayipa makalata, kusindikiza zithunzi ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni. Tsikulo mphunzitsi wina wochokera ku Kabudula adabwera ndi fulashi ya mayeso a kumapeto kwa teremu. Atangoilowetsa mu kompyuta, mafayilo onse adasanduka ma shortcut osatseguka. Mwayi wake vairasi yotere imangobisa mafayilo, ndiye tidawapeza, koma aphunzitsi aja adachoka akulumbira kuti sadzabweranso.

"Asuweni, kodi antivirus mulibe?" ndidafunsa.

"Zilipo zitatu, koma ndimazizimitsa. Zikayaka makinawa amayenda ngati ngolo yamatope, kasitomala n'kumatopa kudikira."

Yankho limeneli ndilo landilembetsa nkhaniyi. Ambiri tikamasankha antivirus timangofunsa kuti yamphamvu ndi iti. Funso loti kompyuta yanga iikwanitsa kapena ayi timaliiwala.

Antivirus imagwira ntchito ngati mlonda wapageti amene amasecha chikwama chilichonse. Fayilo iliyonse imene mukutsegula kapena kukopera imayamba yaunikidwa, ndipo kuunikako kumadya RAM ndi mphamvu ya makina. Pa laputopu yatsopano simungazindikire n'komwe. Koma makompyuta ambiri amene ndimaona pa Namitete, Mpingu ndi Nambuma ndi a kaunjika, a RAM ya 4GB kapena kucheperapo, ndi hard disk yakale. Mukaikamo ma antivirus atatu, onse amalimbirana fayilo imodzi. Paja atambala awiri salira m'khola limodzi.

Pali mabungwe amene ntchito yawo ndi kuyesa mapulogalamuwa. AV-TEST ya ku Magdeburg ku Germany imapereka mapointi ofika 6 pa mbali zitatu: chitetezo, momwe pulogalamu ikuchedwetsera makina, komanso ngati imanamizira mafayilo abwinobwino. Zotsatira zake aliyense atha kuziona kwaulere. M'zaka zaposachedwa Microsoft Defender, imene imabwera kale mu Windows 10 ndi 11, yakhala ikupeza mapointi apamwamba pa chitetezo, pafupi ndi zogula monga Bitdefender, Kaspersky ndi ESET.

Koma tisathamange. AV-Comparatives ya ku Innsbruck ku Austria imayesanso mapulogalamuwa intaneti itazimitsidwa, ndipo ena mwa iwo, kuphatikizapo Defender, amagwira mavairasi ochepa akakhala opanda intaneti. Izi n'zofunika kwa ife, chifukwa kumudzi kompyuta imatha mwezi wathunthu osalumikizidwa. Bandulo ndi yodula, ndipo vairasi yathu siibwera kwenikweni pa imelo, imabwera pa fulashi ndi memory card zimene zimayenda kuchoka shopu ina kupita ina.

Ena anena kuti ingogulani yamphamvu basi. Sindikutsutsa. Ofesi yosunga ndalama za anthu kapena mbiri ya odwala iyenera kulipira chitetezo chokwanira, ngakhale makina achedwe pang'ono. Tonse tikukumbukira mu February 2024 pamene mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowerera makina osindikizira mapasipoti, ndipo anthu adadikira kwa masabata. Koma antivirus zogula amalipira chaka ndi chaka, kawirikawiri mu ndalama zakunja. Mnyamata wa pa Nsaru akalephera, amapita kwa mnzake kukatenga ya crack, yomwe nthawi zina imabwera ndi vairasi yakeyake. Kumeneko n'kulemba ntchito mbava kuti ikhale mlonda.

Maganizo anga ndi awa. Ikani antivirus imodzi yokha, imene makina anu akuinyamula popanda kubuula. Ngati muli ndi Windows 10 kapena 11, yambani ndi Defender, ndipo patulani kabandulo sabata iliyonse kuti ichite update. Kuunika kompyuta yonse muzichita madzulo mukaweruka, osati kasitomala ataima pakhomo. Fulashi ya mlendo muziyamba mwaiunika musanatsegule kalikonse. Mafayilo ofunika akhale ndi kope lina pa fulashi yosabwereketsa. Mukapeza kandalama, onjezerani RAM kapena ikani SSD, muona kuti kuchedwa kwambiri kudali kwa makina.

Dziwaninso kuti Microsoft idasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 pa 14 October 2025. Antivirus payokha singatseke mipata yonse ya Windows yakale, monganso loko wamkulu sathandiza pa chitseko chofumbwa.

Kwa aphunzitsi a makompyuta m'masukulu ndi m'makoleji a ntchito zamanja, pempho langa n'lakuti zimenezi zikhale m'gulu la maphunziro oyamba, pamodzi ndi kutayipa.

Msuweni wanga tidamuchotsera ziwiri zija, yatsala imodzi yoyaka nthawi zonse. Akuti makina akuyenda bwino. Chimene akudikira tsopano n'chakuti aphunzitsi a ku Kabudula aja amve, chifukwa mayeso a teremu ikubwerayi ndi ndalama yomwe sakufuna ipite ku shopu ya patsidya pa msewu.