Chigayo cha pa Jenda nachonso chimaimba

Pa holide yapitayi, tili pa Mzimba boma, ndinamumvetsera msuweni wanga nyimbo ya drone pa foni. Mphindi isanathe anavula mahedifoni n'kundifunsa: "Ase, nyimboyo iyamba nthawi yanji?" Ndinaseka, koma funsolo ambirife tili nalo.

Drone ndi liwu limodzi kapena angapo okokedwa nthawi yaitali, opanda ng'oma, opanda kolasi, ongosintha pang'onopang'ono. Éliane Radigue wa ku France anapeka nyimbo zotere kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pa synthesizer yotchedwa ARP 2500. Makinawa amatulutsa kulira kwa magetsi, woimba n'kumapotokola timabatani kuti liwulo lilemere kapena lipepuke.

Anzanga kusukulu amati izi n'zachizungu. Ine ndikukana. Amene anadikirapo pamzere wa chigayo pa Jenda akudziwa mmene injini imalirira mpaka kulowa m'chifuwa. Amene anagonapo ku Luwawa anamva mphepo ikuwomba m'mapaini usiku wonse. Nanga nyenje za mu Okutobala? Makutu athu anakulira m'mawu amenewa, kungoti sitinawatchepo nyimbo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anyamata athu a FL Studio onse akuthamangira log drum ya amapiano, ndipo tikafuna mawu apansipansi a filimu kapena sewero, timakatapa pa intaneti. Chithunzi cha ku Embangweni, mawu a nkhalango ya eni.

Chonsecho zida tili nazo. Jambulani chigayocho pa foni, muchikoke ndi Paulstretch ya mu Audacity, muthirepo liwu la VCV Rack. Mapulogalamu onsewa ndi aulere. Chovuta ndi bandulo ndi magetsi, osati nzeru.

Ndikuvomereza, palibe adzavine drone pa ukwati, ndipo sidzakulipirirani fizi mawa. Koma opanga mafilimu, masewero a pa wailesi ndi olakatula ndakatulo amafuna mawu otere.

Chenjezo langa ndi limodzi. Vimbuza, zomwe zili pamndandanda wa UNESCO kuyambira 2008, ndi gule wochizira odwala. Osapita kukajambula mobisa n'kukasandutsa zokometsera nyimbo yako. Pempha kaye, ndipo akakana, bwerera.

Msuweni uja ndamutuma akandijambulire chigayo cha kwawo Loweruka. Wati ndapenga, koma wavomera.