Dayamondi sanyezimira pochoka m'dothi

Nyengo ya malonda ikafika, alimi a fodya a ku Furancungo m'boma la Macanga ndi a mbatata ya kachewere a ku Tsangano amakhala ndi kangachepe m'thumba. Akathyali nawonso nyengoyi amaidziwa. Ena amafika ndi timiyala tonyezimira tokulunga m'kansanza, n'kumanong'ona kuti ndi dayamondi wokumba okha amene akugulitsa motchipa kaamba ka mavuto. Mlimi wodziwa m'mene dayamondi amasemedwera sangataye thukuta lake pamenepo.

Nkhani ya miyala ya mtengo wapatali si yachilendo kuno. Kutsidya kwa malire, pa phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu ku Malawi, pamapezeka miyala ya rube ndi safiro. Ku Montepuez m'chigawo cha Cabo Delgado rube adapezeka m'chaka cha 2009. Dayamondi wa ku Marange ku Zimbabwe, amene anthu adamuthamangira mu 2006, wambiri ankalowa m'dziko lino mozemba kudzera ku Manica. N'chifukwa chake bodza la akathyali limamveka ngati zoona.

Koma dayamondi pochoka m'dothi sanyezimira ngati wa pa mphete. Nthawi zambiri amaoneka mbuu, ngati kachidutswa ka botolo kamene kakhalitsa mu mtsinje. Kunyezimirako ndi ntchito ya mmisiri amene amasema timbali tosalala pa mwalawo kuti kuwala kukalowa kuzibwerera m'maso mwa woyang'ana. Popeza palibe mwala wina wolimba kuposa dayamondi, amamupera pa gudumu lopaka fumbi la dayamondi mnzake.

Kasemedwe kotchuka kwambiri ndi kozungulira, kamene Azungu amati brilliant. Kali ndi timbali 57 kapena 58, ndipo miyeso yake adailemba ndi a Marcel Tolkowsky a ku Belgium m'chaka cha 1919. Palinso ka ngodya zinayi kotchedwa princess, kena kotchedwa emerald kamene timbali take timatsika ngati masitepe, ka marquise kosongoka uku ndi uku ngati bwato, kena konga dontho la madzi, ndinso konga mtima. Mmisiri amasankha kasemedwe poona m'mene mwalawo wabadwira ndi pamene pali ming'alu, ndipo kawirikawiri theka la mwala kapena kuposerapo limatha posema.

Chitsanzo ndi Cullinan, dayamondi amene adapezeka ku mgodi wa Premier pafupi ndi Pretoria ku South Africa mu 1905. Ankalemera makarati 3,106, kumene kuli kuposa theka la kilogalamu, pakuti makarati asanu ndiwo galamu imodzi. Mu 1908 a Joseph Asscher a ku Amsterdam adaung'amba mwalawo ndipo mudatuluka miyala ikuluikulu 9 ndi ing'onoing'ono 96. Waukulu koposa, wonga dontho la madzi, uli ndi makarati 530 ndipo uli pa ndodo yachifumu ya ku Britain. Masiku ano dayamondi wambiri wa pa dziko lapansi amasemedwa mu mzinda wa Surat ku India.

Tsono munthu akatulutsa mwala wa timbali tosalala tofanana n'kunena kuti waukumba dzulo ku dambo, ameneyo wadzigwira yekha. Dothi silisema brilliant. Mwala wotero ungakhale galasi kapena mwala wopanga ku fakitale wotchedwa cubic zirconia, umene umaikidwa pa ndolo ndi mphete zotchipa za pa msika. Kukanda botolo nakonso si umboni, chifukwa ngakhale nsangalabwi zoyera za m'munda zimakanda galasi.

Komanso malonda a miyala ya mtengo wapatali m'dziko lino amafuna chiphaso cha boma, ndipo mu 2021 Mozambique idalowa mu mgwirizano wa Kimberley Process umene umalondoloza kumene dayamondi wosasema wachokera. Choncho wogula m'tchire akagula wabodza ndalama zapita, akagula weniweni wapalamula mlandu.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama za fodya ndi mbatata zili ndi kopita kale: feteleza, mbewu, malata ndi sukulu ya ana.