Ndege zopanda injini ndi adokowe

Ndimachita chidwi ndi anthu oulutsa ndege zopanda injini. Ku Germany kukazizira, dzuwa silitenthetsa nthaka mokwanira, ndiye mpweya wofunda wokweza ndegezi umasowa. Choncho kuyambira Novembala mpaka Januwale ena amathawira ku Bitterwasser, m'chipululu cha Kalahari ku Namibia.

Kumeneko mchenga ukatentha, mpweya umakwera ngati utsi. Woyendetsa amazungulira m'menemo monga miimba, akakwera n'kutsetsereka kukasaka wina. Akauphonya, amatera kutchire. Wokwanitsa makilomita 1,000 amamudzalira mtengo wa kanjedza.

Adokowe ochokera ku Ulaya amaulukanso chomwechi. N'chifukwa chake ena amadzera ku Gibraltar, pamene nyanja yapanikizika, poti pamwamba pa madzi mpweya wotere mulibe. Mukawaona akuzungulira masana, musati akusewera, ali paulendo.