NJINGA YA PA MSEWU WAFUMBI: KUSANKHA MWANZERU

Kumudzi njinga si choseweretsa ayi. Ndiyo imapita ndi chimanga kuchigayo, ndiyo imatengera mwana kusikelo, ndipo matenda akakula usiku ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala. Nchifukwa chake munthu amene wagulitsa mbewu zake nafuna kugula njinga ayenera kuyamba waganizira za msewu umene njingayo idzayendamo, asanakopeke ndi maonekedwe ake.

Pali mtundu wina wa njinga umene alendo ena ochokera ku Ulaya amayendera pa maulendo ataliatali. Wopalasa sakhala pa chishalo, koma pa mpando wotsamira, miyendo itatambasukira kutsogolo kumene kuli zopalasira. Njinga yotereyi siinayambe lero. M'chaka cha 1933, ku France, Francis Faure anayenda makilomita 45 pa ola limodzi pa njinga yopangidwa ndi Charles Mochet, ndipo mu 1934 bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga, linailetsa m'mipikisano yake.

Ubwino wake pa thupi ngwosakanika. Kulemera kwa munthu kumagawanika pa msana ndi matako, kotero kuti khosi, mapewa ndi manja sizitopa msanga. Dzanzi limene amuna ambiri amamva kunsi akakhalitsa pa chishalo silivuta kwenikweni. Ena odwala msana amapezapo mpumulo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zabwino zonsezi zimaoneka pa msewu watara. Pa msewu wafumbi nkhani imasintha.

Choyamba, wopalasa njinga wamba akaona dzenje amaimirira pa zopalasira, ndipo maondo ndiwo amalandira kugwedezeka. Wotsamira sangaimirire, choncho bampu lililonse limafikira pa msana womwewo umene amafuna kuuteteza. Chachiwiri, zambiri mwa njingazi zili ndi gudumu lakutsogolo laling'ono, la mainchesi 20, limene limakodwa m'maenje ndi kutitimira mumchenga, pamene gudumu la mainchesi 28 limadutsa mosavuta. Chachitatu, tcheni chake nchotalika kuposa kawiri cha njinga wamba, ndipo chimatola fumbi ndi matope. Chachinayi, mutu wa wopalasa umakhala pafupi ndi nthaka. Iye amapuma fumbi lochuluka la magalimoto, ndipo woyendetsa lole amachedwa kumuona, makamaka pamene udzu watalika m'mbali mwa msewu.

Vuto loposa onsewa ndi la zitsulo. Njinga wamba ikathyoka sipoko kapena ikaphulika chubu, mmisiri wa pa msika uliwonse amaikonza tsiku lomwelo. Mpando kapena chitsulo china cha njinga yotsamira chikathyoka, china chake sichipezeka pafupi. Njinga yoyembekezera chitsulo chochokera kunja singathandize mayi amene matenda a uchembere amuyamba pakati pa usiku.

Amene dokotala wamulangiza, kapena amene mtima wake watsimikiza pa njinga yotsamira, asankhe ya magudumu awiri aakulu a mainchesi 26, ya matayala otambalala ndiponso ya mpando wokwera. Ya magudumu atatu siigwa wamba, komabe siikwana m'tinjira ta kumudzi.

Kwa ena onse, nzeru ndi kugula njinga wamba yolimba, ya kaliyala wochirikizika bwino ndi mabuleki ogwira. Mwachitsanzo, njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, zinapangidwira misewu yotereyi, ndipo kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100.

Zowawa zambiri zimene anthu amanamizira njinga wamba zimachokera pa kusaitchera bwino. Chishalo chikwezedwe kufikira pamene mwendo ukuwongoka munthu akaponda chopalasira chapansi ndi chidendene. Chikatsika kwambiri maondo amapweteka. Chikakwera kwambiri chiuno chimapendamapendama. Chishalo chisaloze kumwamba, pakuti chimafinya mitsempha ya kunsi. Mahandulo akhale pamene munthu angawagwire osawerama kwambiri. Pa ulendo wautali ndi bwino kutsika kawirikawiri kuti magazi ayende, kumwa madzi aukhondo, ndi kunyamula pampu, zigamba ndi sipanala. Wogwa navulala atsuke bala ndi madzi ndi sopo, kenaka apite kuchipatala kukafunsa za katemera wa kafumbata, chifukwa tizilombo ta nthendayi timakhala m'dothi.

Safunsa anadya phula. Wogula afunse amisiri a kwawo za zitsulo zimene zimapezeka, ayambe wayesa njingayo pa msewu wa maenje, ndipo akumbukire kuti tsiku lina idzanyamula m'bale wake wodwala. Njinga yabwino ndi imene imakafika kuchipatala ndi kubwerera kumudzi.