Foni ikakwera pakhoma, mseri watha

Sabata yatha ndinagona ku Muloza kwa alamu anga, amene amapikula chimanga ndi nandolo zobwera panjinga kuchokera ku Milange. Chaka chino malonda awakomera, ndiye agula TV yaikulu yopachika pakhoma. Dishi alibe, ati zolipira mwezi ndi mwezi sangazithe. Nzeru yawo inali yoti zonse zimene amaonera pafoni zizioneka pakhomapo.

Ndinapeza atagula kale chingwe pamsika wa Limbuli, mbali ina ya HDMI, inayo yolowa pochajira foni. Wogulitsa anachita kuwalumbirira kuti chimagwira pafoni iliyonse. Tinalumikiza, TV ili duu. Tinauzira pakabowo, kuzimitsa n'kuyatsanso, koma ayi ndithu. Alamu anayamba kunyoza chingwe, chonsecho chingwe chinalibe mlandu. Mafoni ambiri otsika mtengo amene tili nawowa, kabowo kake kamangodziwa kulandira moto ndi kusamutsa mafayilo, chithunzi sikatulutsa. Ngakhale kakhale ka USB-C, foniyo imafunika kuti inachokera kufakitale ikutha kutumiza kanema pachingwe, ndipo zotero zimapezeka kwambiri pamafoni odula.

Anatipulumutsa ndi mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 3, yemwe nthawi yonseyi amangotiyang'ana akumwetulira. "Malume, tabweretsani kuno," anatero. Anatsitsa chala pafoni, n'kudina pamene palembedwa Cast, ndipo nkhope ya foni yonse inatulukira pakhoma. Pa Samsung amati Smart View. Foni ndi TV zimalankhulana zokha pa Wi-Fi, moti ngati filimu ili kale mufoni, bando siikhudzidwa n'komwe. TV yopanda luso limeneli imafuna kachipangizo kobaya pa HDMI, monga AnyCast. Zakale zija zamsana waukulu, za zingwe zitatu, chachikasu, chofiira ndi choyera, zimafunanso kabokosi kena pakati, ndipo kunena zoona n'kwapafupi kungoika filimu pafulashi n'kuonera pa DVD.

Vuto limayamba mukafuna za pa YouTube. Chithunzi cha 360p chimene chimaoneka bwinobwino m'manja, pakhoma chimasanduka phala. Mukachikweza kufika 720p, nkhope zimawala koma bando imasungunuka ngati mchere m'ndiwo. N'chifukwa chake kumalire kuno anthu ena amasunga ma SIM awiri, ina ya Airtel kapena TNM, ina ya Movitel ya kutsidya, n'kumayerekeza kuti lero yakoma ndi iti.

Usikuwo tinaika chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon. Aliyense amadziwa kuti Flames inagonja 2-1, komabe mpira utalowa, nyumba yonse inakuwa ngati zikuchitika kumene. Aneba analowa osaodira, ana anadzaza pamkeka, agogo anapempha kuti achibwezenso kachitatu. Ndinakumbukira 1999, TVM itangoyamba, pamene TV imodzi inkasonkhanitsa mudzi wonse pawindo. Foni inatibalalitsa, aliyense pangodya yake ndi zomvera m'makutu, ndiye ndinakondwa kuona foni yomweyo ikutikhazikanso pamodzi. Komanso kholo likhoza kuona zimene ana akuonera, zomwe pansi pa bulangeti silingazione.

Chisangalalo chili mkati, pamwamba pa TV panatsika uthenga wa WhatsApp, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wamaso ofooka awerenge: "Akulu, ndalama yanga ija mwati liti? Mawa ndibwera ndi amfumu." Panali zii. Mlongo wanga anayang'ana TV yatsopanoyo, n'kuyang'ananso mwamuna wake. Mneba wina anatsokomola n'kunena kuti wasiya ndiwo pamoto. Alamu analumphira foni, koma m'kuphaphalika kwawo anatsegula uthenga wonsewo, ndipo tonse tinadziwa ndi kuchuluka kwa ngongoleyo.

Ichi ndicho ogulitsa zingwe satiuza. Mukalumikiza motere, TV sisankha filimu yokha. Imaonetsa chilichonse chili pankhope ya foni: mauthenga, dzina la amene akuimba, zithunzi, ngakhale ndalama zotsala pa Mpamba kapena Airtel Money. Foni tinaizolowera ngati kuchipinda, pomwe TV ndi pabwalo.

Choncho inu amene mwakolola bwino ndipo mukulingalira zopachika yanu pakhoma, pitani ndi foni yanu kwa wogulitsa, chingwe achiyese mukuona musanatulutse khobidi. Ndipo musanaitane aneba, dinani Do Not Disturb, kapena patulani foni yakale yopanda SIM kuti ikhale ya kanema basi. Alamu anga anapatula yawo m'mawa mwake, atabwerako kwa mwini ndalama.