Chaona Mnzako Chapita, Mawa Chili pa Iwe

Mu May 1992 anthu ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu mzinda wa Blantyre adanyanyala ntchito pofuna kuti malipiro awo akwere. Pasanapite masiku ambiri, anzawo a m'makampani ena adataya zida nawonso, ndipo moto udafika ku Lilongwe ndi ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje. Pa zipolowe zimene zidatsatira, anthu oposa 20 adataya miyoyo yawo.

Kodi nchifukwa ninji wothyola tiyi adatula dengu pa mlandu wa woomba nsalu amene sadamuonepo? Yankho nlakuti njala yawo idali imodzi. Mitengo ya zinthu idali itakwera, malipiro ali pomwepo, ndipo mabungwe a antchito adalibe mawu. Udzu ukauma ponseponse, lupsa silifunsa mwini munda.

Zofananazo zidaonekanso mu February 2013, kwacha itagwa mphamvu chaka cha 2012. Antchito a m'boma atayamba sitiraka, aphunzitsi ndi anamwino adalowa nawo, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu lidatsekedwa. Mkangano udatha pamene boma lidavomera kukweza malipiro a olandira zochepa ndi 61 peresenti. Nanga chidaletsa nchiyani kukambirana sukulu zisadatsekedwe?

Tikumbukire kuti amene amalipira kuchedwa kotere sakhala ku Capital Hill. Ndi mwana wa ku Nathenje amene amabwerera ndi makope osalembamo, ndiponso mayi amene wayenda mtunda wautali kupita ku chipatala cha Mitundu nkupeza palibe womuthandiza.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amapatsa wantchito ufulu wonyanyala ntchito, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 limafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zayesa kuyanjana, chenjezo liperekedwe, kenaka sitiraka ichitike. Aphunzitsi amene afuna kuchirikiza anzawo atsate njira imeneyi, pakuti chifundo chosatsata lamulo chimapweteka ana osalakwa.

Koma mawu athu aakulu apite kwa akuluakulu a m'maofesi. Dandaulo la anthu khumi likafika pa tebulo lanu, musaliyese laling'ono. Kunja kuli mazana amene akudikira kuona mmene muwayankhire anzawowo. Liyankheni lero, lisanakhale dandaulo la dziko lonse.