Asodzi a ku Mangochi akutsalira pa nkhondo yolimbana ndi likodzo

MANGOCHI – Ntchito yothana ndi matenda a likodzo kummwera kwa nyanja ya Malawi siingaphule kanthu ngati asodzi, omwe amakhalitsa m'madzi kuposa wina aliyense, sakufikiridwa mokwanira ndi mankhwala, komanso ngati nkhaniyi ipitirira kuonedwa ngati ya Unduna wa Zaumoyo wokha.

Asodzi a kunyanja ya mchere, monga a ku Beira ndi Pemba m'dziko la Mozambique, amalimbana ndi kanyama kofewa kotchedwa jellyfish, komwe kali ndi tizingwe ta mbola. Kakangokhudza khungu ululu wake umamveka pomwepo ngati moto, ndipo chithandizo chake nchodziwika: kutuluka m'madzi, kutsuka pamalopo ndi madzi a mchere omwewo osati madzi akumwa, kuchotsa tizingweto popanda kutikita ndi mchenga, kenaka kuviika m'madzi otentha koma osawotcha kwa mphindi 20. Pa mitundu ina ya kanyamaka amathirapo viniga, ndipo wobanika kupuma amathamangira naye kuchipatala.

Msodzi wa ku Msaka, Chembe, Malembo kapena Makanjira alibe chenjezo lotere. Chomwe chimamubaya iye sichioneka ndi maso ndipo sichipweteka. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi za matendawa amaswa ndipo tizilombo take timalowa mu nkhono, momwe timachulukana. Pakapita masabata angapo timatuluka mu nkhonomo nkuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo, kaya akukoka khoka, kukankha bwato kapena kutsuka usipa. Ena amangomva kuyabwa pang'ono. Magazi mu mkodzo amayamba kuoneka patadutsa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo matendawa akakhalitsa amaononga chikhodzodzo, impso ndi ziwalo zoberekera, mwinanso kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti likodzo limapezeka m'madambo ndi m'mitsinje basi, osati m'nyanja yeniyeni. Maganizowa anasintha m'chaka cha 1992 pamene anthu awiri a ku America ogwira ntchito yongodzipereka m'bungwe la Peace Corps anadwala kwambiri atasambira ku Cape Maclear. M'chaka cha 2001, akatswiri a kafukufuku, kuphatikizapo a Henry Madsen a ku Denmark, anatsimikiza kuti nkhono ya mtundu wa Bulinus nyassanus, yomwe imakhala pamchenga wa m'nyanja yeniyeni, nayonso imasunga tizilombo ta likodzo.

A Madsen pamodzi ndi a Jay Stauffer a ku America anaonetsa kuti kuchuluka kwa nkhonozi kukugwirizana ndi kuchepa kwa nsomba zomwe zimadya nkhono, makamaka ya mtundu wa Trematocranus placodon. Nsombazi zimadyera m'madzi osaya, momwemo momwe makoka a maso ang'onoang'ono ndi neti zotetezera udzudzu zimakokolola chilichonse. Izi zikutanthauza kuti ukonde woletsedwa suononga chambo chokha, koma umachotsanso mlonda yemwe ankachepetsa nkhono pagombe pomwe ana amasamba ndi amayi kuchapa.

Vutoli lakulanso m'zaka zaposachedwa. Mu Novembala 2017, akatswiri a ku Malawi mogwirizana ndi anzawo a ku Liverpool School of Tropical Medicine anapeza nkhono ya mtundu wa Biomphalaria pfeifferi m'magombe a boma la Mangochi. Nkhonoyi imafalitsa likodzo la m'matumbo, lomwe mazira ake amatuluka ndi chimbudzi ndipo limaononga chiwindi. Atayeza ana asukulu 175 mu Meyi 2018, anapeza kuti pafupifupi 34 mwa ana 100 alionse anali ndi zizindikiro za likodzo la mtunduwu.

Kafukufuku wina yemwe anachitika pakati pa asodzi a m'bomali m'zaka za 2017 ndi 2018, motsogozedwa ndi Dr Sekeleghe Kayuni, anapeza mazira a likodzo mu umuna wa pafupifupi msodzi mmodzi mwa khumi alionse omwe anayezedwa. Likodzo lotere limadzetsa ululu ndi magazi mu umuna, ndipo nkosavuta kulisokoneza ndi matenda opatsirana pogonana. Wodwala angathe kulandira mankhwala osayenera, pomwe m'banja mukubuka kukayikirana kosafunika.

Mankhwala a likodzo alipo. Praziquantel amamwedwa kamodzi molingana ndi sikelo kapena msinkhu wa munthu, ndipo kampani ya Merck ya ku Germany yakhala ikupereka mankhwalawa mwaulere kudzera ku bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO kuyambira m'chaka cha 2007. Chovuta ndi njira yowagawira. Kwa zaka zambiri ntchitoyi yadalira kwambiri sukulu za pulayimale, chifukwa ana amapezeka pamalo amodzi ndipo pali kaundula wa maina awo.

Msodzi sapezeka chotero. Wa chilimira amagwira ntchito usiku ndi nyali ndipo masana amakhala akugona kapena kusoka ukonde. Ambiri amasamuka kutsata nsomba, lero ali ku Monkey Bay, mwezi wamawa ku Salima kapena ku Nkhotakota, kotero kuti mlangizi wa zaumoyo akafika m'mudzi sawapeza. Komanso praziquantel sateteza munthu kuti asatengenso matendawa. Mwana yemwe wamwa mankhwala kusukulu amabwerera kugombe lomwelo komwe akuluakulu osalandira mankhwala akuthirabe mazira m'madzi. Apa boma limakhala ngati likutunga madzi ndi dengu.

M'chaka cha 2022, bungwe la WHO linatulutsa malangizo atsopano oti m'dera lomwe anthu 10 kapena kuposerapo mwa 100 alionse ali ndi likodzo, mankhwala aziperekedwa chaka chilichonse kwa anthu onse kuyambira a zaka ziwiri, kuphatikizapo akuluakulu. Malangizowa akutsindikanso za madzi aukhondo, zimbudzi ndi kuchepetsa nkhono.

Kuti izi zitheke ku Mangochi sipakufunika kukhazikitsa bungwe latsopano. Lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'mbali mwa nyanja azitenga nawo mbali posamalira nsomba, ndipo makomiti a m'madoko, odziwika kuti ma BVC, amadziwa eni zida ndi anyamata awo. Nthambi ya Zausodzi ili ndi alangizi m'madoko, sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe komanso malo a kafukufuku ku Monkey Bay. Ofesi ya zaumoyo itagwiritsa ntchito makomitiwa, mankhwala angathe kuperekedwa padoko m'mamawa pomwe mabwato akukocheza, kapena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pomwe usodzi wa makoka umakhala wotsekedwa.

Khonsolo ya boma nayo ili ndi gawo lake. Madoko ndi misika ya nsomba yomwe imasonkhanitsa anthu ochuluka, choncho zimbudzi ndi mijigo m'malo amenewa ziyenera kuonekera mu ndondomeko ya chitukuko ya khonsoloyi. Mafumu ndi apolisi akamathandiza kulanda maukonde oletsedwa adziwe kuti akugwiranso ntchito ya zaumoyo. Ogwira ntchito m'zipatala za m'mbali mwa nyanja nawo akuyenera kumafunsa odwala aamuna ndi aakazi omwe za ntchito zawo za m'madzi asanagamule kuti ndi matenda opatsirana pogonana.

Maiko omwe ndi mamembala a WHO, kuphatikizapo Malawi, anagwirizana zoti pofika chaka cha 2030 likodzo lisakhalenso vuto lalikulu pa umoyo wa anthu. Ku Mangochi, kukwaniritsidwa kwa lonjezoli kudzadalira chiwerengero cha asodzi omwe alandira mankhwala padoko, osati ana asukulu okha.